Kodi mantha a Y2K anali bodza, kapena ntchito inagwiridwa?

Mphunzitsi Wopuma:
Akuluakulu nonse a pa gulu lino, ndikupempha kuti tikambirane nkhani imene ambiri a ife timaikumbukira koma ndi ochepa amene anaimvetsa. Mu 1999 wayilesi ndi manyuzipepala zinkalengeza kuti pakati pa usiku wa pa 31 Disembala makompyuta a padziko lonse adzasokonezeka, kuti mabanki adzataya chiwerengero cha ndalama za anthu, magetsi adzazima, ndipo ndege zidzasochera. Pa 1 Januwale 2000 kunacha monga mwa masiku onse, ndipo kuyambira pamenepo anthu ambiri amanena kuti Y2K, dzina limene vuto la makompyuta la chaka cha 2000 linapatsidwa, inali njira ya makampani a makompyuta yodyera ndalama za maboma. Tsopano kukumveka kuti vuto lofanana nalo likudza mu 2038. Ndikufunsa inu amene mumagwira ntchito ya makina amenewa: kodi tinanamizidwa nthawi imeneyo, ndipo kodi pali chifukwa choti timverenso ulendo uno?

Wokonza Mapulogalamu:
Zikomo aphunzitsi pofunsa. Ndiyambe ndi gwero la vutolo, chifukwa munthu akalimvetsa savutikanso kuona kuti silinali nthano. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 malo osungira zinthu mu kompyuta anali ochepa ndiponso okwera mtengo kwambiri, ndipo zambiri zinkalembedwa pa makadi obowola amene khadi limodzi linkatenga zilembo 80 zokha. Pofuna kusunga malo, olemba mapulogalamu ankalemba chaka ndi manambala awiri omalizira okha, kotero kuti 1975 inkalembedwa 75, ndipo makinawo ankangodziwa kuti kutsogolo kwake kuli 19. Bola zaka zonse zinali za m'ma 1900, masamu ankayenda bwino: munthu wobadwa mu 60, pofika mu 99 ali ndi zaka 39. Koma chaka chikafika pa 00, makina ochotsa 60 pa 00 amapeza nambala yochepera ziro, kapena amaganiza kuti tabwerera ku 1900. Tangoganizirani masamu otere ali m'pulogalamu yowerengera chiwongoladzanja cha ngongole, penshoni, kapena tsiku lotha mphamvu la mankhwala.

Zizindikiro zinayamba kuoneka kale chaka cha 2000 chisanafike. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ku Minnesota, m'dziko la America, mayi wina wa zaka 104 analandira kalata yomuitana kukayamba sukulu ya mkaka, chifukwa kompyuta inawerenga 88 ya chaka chake chobadwa ngati 1988. Katswiri wina, Bob Bemer, anali atachenjeza kale m'zolemba zake m'ma 1970, koma ochepa anamvera, ndipo nkhaniyi inayamba kutchuka mu 1993 pamene Peter de Jager wa ku Canada analemba za izo m'magazini ya Computerworld. Panalinso kavuto kena kobisika: chaka chothera ndi maziro awiri sichikhala ndi 29 Febuluwale pokhapokha chikamagawika ndi 400. Chaka cha 1900 chinalibe tsikuli, koma cha 2000 chinali nalo, ndipo mapulogalamu ena sanalembedwe kuti adziwe zimenezi.

Wamalonda wa ku Limbe:
Achimwene mwafotokoza bwino, ndipo sindikutsutsa masamuwo. Chimene ndikutsutsa ndi kukula kwa mantha poyerekeza ndi kukula kwa vuto. Boma la America linawerengera kuti dzikolo linawononga pafupifupi madola 100 biliyoni pokonzekera, ndipo kampani ya Gartner inkanena kuti dziko lonse lapansi lingawononge pakati pa 300 ndi 600 biliyoni. Pamene izi zinkachitika, maiko monga Italy, Russia ndi South Korea ankatchulidwa kuti akuchedwa ndipo akuwononga zochepa, kotero kuti apaulendo ankachenjezedwa za maiko ena mwa amenewa. Tsikulo litafika, magetsi sanazime ku Rome, monganso sanazime ku New York. Ngati wolipira zambiri ndi wolipira zochepa anadzuka mofanana, ine monga munthu wa malonda ndiyenera kufunsa kuti ndalama zowonjezerazo zinagula chiyani.

Kalaliki Wakale wa ku Banki:
Bambo wa ku Limbe, funso lanu ndi loyenera, koma ndiloleni ndikuuzeni zimene ndalamazo zinkagula, chifukwa ine ndinali m'gulu la anthu amene ankagwira ntchitoyo ku banki ina kwathu kuno. Sitinkagula chozizwitsa ayi. Choyamba tinalemba mndandanda wa chinthu chilichonse chokhala ndi wotchi mkati mwake: kompyuta yaikulu yosunga maakaunti, makompyuta a pa kauntala, makina olumikizira mafoni a m'maofesi, ngakhale alamu ya chitseko cha mosungira ndalama. Kenako tinkalembera kalata kampani iliyonse imene inatigulitsa chinthucho, kufunsa ngati chidzawoloka chaka, ndipo yankho la pakamwa sitinkalilandira. Pomaliza tinkatenga makina oyesera, n'kusuntha wotchi yake kufika pa 31 Disembala 1999, n'kudikira kuti tione chimene chichitike. Tinkayesanso 9 Seputembala 1999, chifukwa mapulogalamu ena akale ankagwiritsa ntchito 9999 ngati chizindikiro chakuti mndandanda watha, komanso 29 Febuluwale 2000.

Pa mayeso amenewa zolakwika zinkatulukadi, ndinaziona ndi maso angawa. Lipoti lina linkasanja malipiro a chaka cha 00 pamwamba penipeni, ngati kuti ndi akale kuposa onse, ndipo ngongole ina inkaoneka ngati yakhala zaka 99 isanabwezedwe. Tinakonza, tinayesanso, ndipo madzulo a tsiku lomaliza la chaka tinasindikiza pa mapepala ndalama za kasitomala aliyense kuti makina akakana tithe kulipira anthu ndi cholembera. Mapepalawo sanafunike, ndipo ndikuvomereza kuti amene anabwera kudzatapa ndalama pa tsiku loyamba lotsegula sanaone kusiyana kulikonse. Koma munthu akafolera nyumba mvula isanayambe, kenako nyumbayo n'kusadontha, sitinena kuti udzu unapita pachabe.

Wamalonda wa ku Limbe:
Mayi, ntchito yanuyo ndikuilemekeza. Komabe za Italy simunandiyankhe.

Wokonza Mapulogalamu:
Ndiyankhe ineyo za Italy. Pali zinthu ziwiri zimene kuyerekeza kumeneku kumabisa. Choyamba n'chakuti maiko sanali ndi katundu wofanana. America ndi Britain anayamba kale kwambiri kuika ntchito za misonkho, penshoni, mabanki ndi zankhondo m'makompyuta, kotero anali ndi mizere miyandamiyanda ya mapulogalamu akale olembedwa m'chinenero cha COBOL, ambiri mwa iwo olembedwa mwapadera m'nyumba momwemo ndi anthu amene pofika 1999 anali atapuma ntchito. Ena anaitanidwanso kuchokera kumudzi kuti adzawerenge zimene analemba ali anyamata. Dziko limene linayamba mochedwa linali ndi zochepa zoti likonze. Chachiwiri n'chakuti ochedwawo anapindula ndi thukuta la oyambirira. Kampani yopanga makina a telefoni kapena pulogalamu ya banki ikakonza cholakwika chifukwa kasitomala wa ku London waumiriza, kukonzako kumatumizidwa kwa makasitomala onse, ndipo wochedwa uja amauzidwanso kuti zida izi ndi izi taziyesa kale, musavutike nazo.

Koma bambo wa ku Limbe ali ndi mfundo imene sindingaikane. Pankaopedwa kuti tizipangizo ting'onoting'ono tobisika m'makina a m'mafakitale, m'zikepe za m'nyumba zosanja ndi m'zida za m'zipatala tidzalephera tochuluka, ndipo atatiyesa anapeza kuti tambiri sitisamala za chaka n'komwe. Panalinso ogulitsa amene anapezerapo mwayi wogulitsa makompyuta atsopano kwa anthu amene akale awo akanangofunika kusinthidwa tsiku ndi manja. Zoona ziwirizi zikhoza kukhalira limodzi: vuto linalipo, ndiponso ena anadyerapo.

Namwino wa ku Britain:
Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga, koma mawu akuti palibe chinachitika andikakamiza kulemba, chifukwa kuno ku ntchito za umoyo nkhaniyi siikumbukiridwa ngati nthabwala. Mumzinda wa Sheffield munali pulogalamu yowerengera ngati mayi woyembekezera ali pa chiopsezo chachikulu chobereka mwana wa Down syndrome, ndipo chimodzi mwa zinthu zimene inkagwiritsa ntchito ndi zaka za mayiyo. Chaka chitasintha, pulogalamuyo inayamba kuwerenga zaka molakwika, ndipo panapita miyezi ingapo anthu asanazindikire. Amayi 154 analandira zotsatira zolakwika. Makinawo sanazime, sanalire alamu, anangopitiriza kupereka mayankho ooneka abwinobwino koma abodza, ndipo mabanja anapanga zisankho zazikulu za moyo potengera mayankho amenewo.

Chimene ndikufuna kutsindika n'chakuti anthu ankayembekezera ngozi ya phokoso pa 12 koloko usiku, pamene ngozi yeniyeni ya vuto la mtundu uwu imabwera mwakachetechete. Amene anakhala maso usiku umenewo kudikira kuti magetsi azime ankayang'ana kolakwika.

Wophunzira wa ku Zomba:
Zikomo amayi, izi sindinamvepo. Ine ndinali ndisanabadwe nthawi imeneyo, ndipo ku kalasi nkhaniyi imatchulidwa mwachidule. Kodi panalinso zina zimene zinalakwika, kapena ya ku Sheffield inali yokhayo?

Wokonza Mapulogalamu:
Zinalipo zambiri, mng'ono wanga, koma zinali zomwazikana ndipo zambiri zinakonzedwa m'maola ochepa. Chaka chisanathe n'komwe, m'masiku omalizira a Disembala 1999, makina ambiri owerenga makadi m'masitolo a ku Britain anakana malipiro chifukwa ankayang'ana masiku angapo kutsogolo n'kukumana ndi 00. Ku America, makina a pansi olandira zithunzi kuchokera ku masetilaiti a ukazitape anasokonezeka, ndipo zinatenga masiku angapo kuti abwerere mwakale. Ku Japan, zida zina zoyezera pa malo opangira magetsi a nyukiliya a Shika zinaleka kuonetsa bwino, ngakhale kuti panalibe ngozi. Tsamba la pa intaneti la US Naval Observatory, bungwe lomwe limasunga nthawi ya boma la America, linaonetsa chaka ngati 19100. Ndipo ku New York munthu wina wobwereka kanema anauzidwa kuti alipire madola oposa 91,000 chifukwa makina anaona ngati wachedwa kubweza ndi zaka 100. Zimenezi ndi zotsalira pambuyo pa zaka za kukonza, choncho zikutipatsa chithunzi cha mtundu wa zolakwika zimene zinachotsedwa.

Mphunzitsi Wopuma:
Ndayamba kuona kuti tikusakaniza zinthu ziwiri, kukonzekera kwa amisiri ndi mantha a anthu wamba. Kwathu kuno mu 1999 makompyuta anali m'mabanki, m'maofesi akuluakulu ndi m'makoleji, wayilesi ya kanema ya TVM inali itangoyamba chaka chomwecho, ndipo munthu wa kumudzi sanali ndi chida chilichonse choti akonze. Komabe uthengawo unamufika, ndipo unamufika wopanda malangizo. Atasowa chochita nawo, anausakaniza ndi mphekesera za kutha kwa dziko zimene zinkamveka kale chifukwa cha nambala ya 2000. Ndimakumbukira makolo akundifunsa ngati n'kwanzeru kulipira fizi ya teremu yotsatira. Kodi maboma akuluakulu aja anachita bwanji kuti anthu awo asatekeseke?

Namwino wa ku Britain:
Aphunzitsi, iwonso anavutika nazo. Kuno kunali bungwe la Action 2000 limene boma la Tony Blair linkaligwiritsa ntchito pochenjeza makamaka amalonda ang'onoang'ono, ndipo timabuku tofotokoza tinagawidwa m'makomo. Vuto linali lakuti uthenga woopseza bwana wa kampani kuti atulutse ndalama zokonzera ndi womwewo umene unkafika kwa gogo wokhala yekha. Chakumapeto kwa 1999 akuluakulu ankaopa khamu la anthu lothamangira kukatapa ndalama zonse ku banki kapena kukakokolola chakudya m'masitolo kuposa mmene ankaopera makompyuta enieniwo.

Wokonza Mapulogalamu:
Ku America Bill Clinton anasankha John Koskinen mu 1998 kuti atsogolere ntchitoyi, ndipo chimodzi mwa zinthu zanzeru zimene zinachitika chaka chomwecho chinali lamulo loteteza makampani kuti athe kuuzana poyera zolakwika za zida zawo popanda kuopa kusumiridwa chifukwa cha zimene aulula. Lisanabwere lamuloli, maloya ankauza makampani kuti akhale chete, ndipo aliyense ankayesa yekha zimene mnzake anayesa kale. Banki yaikulu ya dzikolo inasunga ndalama za mapepala zowonjezera kuti aliyense wofuna kutapa apeze. Mkulu wa bungwe loyang'anira za ndege, Jane Garvey, anakwera ndege usiku womwewo kuti anthu aone kuti akukhulupirira ntchito ya antchito ake. Asilikali a Russia ndi a America anakhala m'chipinda chimodzi ku Colorado Springs akuyang'anira limodzi makina ochenjeza za mizinga, kuti cholakwika cha kompyuta chisaoneke ngati chiyambi cha nkhondo. Maiko osauka anathandizidwa kudzera ku World Bank ndi likulu la mgwirizano wa maiko pa nkhani ya Y2K. Sindikukumbukira nkhani ina ya zamakina imene maiko odana anagwirizanapo chotere.

Mmisiri wa ku Joni:
Akuluakulu, mukukamba ngati ndi mbiri yakale, chonsecho ambiri a ife tadutsa m'vuto lomweli posachedwapa, kungoti silinatchedwe Y2K. Ndikunena za mamita a magetsi olipiriratu. Tokeni ya manambala 20 imene timagula ija imakhala ndi nambala yobisika yowerenga mphindi kuyambira pa 1 Januwale 1993, ndipo mita imagwiritsa ntchito nambalayo kuti ikane tokeni yogwiritsidwa kale ntchito. Malo a nambalayo amatha pa mphindi 16,777,216, ndipo mukawerengera mupeza kuti zinathera pa 24 Novembala 2024. Mita yosasinthidwa ikanakana tokeni iliyonse yatsopano pambuyo pa tsikuli. Mankhwala ake anali matokeni awiri apadera amene munthu ankalowetsa yekha, n'kusuntha chaka choyambira kukhala 2014, zimene zikutanthauza kuti nkhaniyi idzabweranso mu 2045.

Tsikuli linkadziwika kwa zaka zambiri, koma kuno ku Johannesburg m'sabata yomaliza mizere ya anthu pa maofesi a Eskom, kampani ya magetsi ya dziko lino, ku Soweto inali yaitali moti ena ankagona pomwepo. Palibe amene angati limeneli linali bodza, chifukwa mita ikakana, nyumba imakhaladi mu mdima.

Mayi wa ku Chipata:
Achimwene a ku Joni mwanena zoona, ndipo kuno ZESCO inachitanso ntchito yomweyo, monganso ESCOM ku Malawi. Ine ndikuona kuti chitsanzo chimenechi chikuyankha funso la aphunzitsi. Pa nkhani ya mamita palibe amene analalikira za kutha kwa dziko, chifukwa uthengawo unabwera ndi chochita m'manja: lowetsani kaye matokeni akale onse amene mwasunga, kenako loyamba lapadera, kenako lachiwiri, pomaliza la mayunitsi. Munthu akauzidwa chochita amadandaula za mzere, koma sagulitsa mbuzi zake. Mu 1999 tinapatsidwa tsiku ndi chiopsezo basi.

Wamalonda wa ku Limbe:
Pamenepo ndikugwirizana nanu mayi, ngakhale kuti sindinasinthe maganizo anga akuti mu 1999 munali dyera lambiri. Ndingowonjezera kuti mamita aja anasinthidwa chifukwa kampani ya magetsi ikanataya ndalama tsiku lomwelo. Pamene palibe wotaya ndalama mwachindunji, ndikukayika ngati wina angadzuke.

Wophunzira wa ku Zomba:
Nanga za 2038 zimene aphunzitsi anafunsa poyamba paja, kodi ndi zofanana ndi za mamitazi?

Wokonza Mapulogalamu:
Ndi za mtundu womwewo. Makina ambiri oyendera mapulogalamu oyendetsa kompyuta a banja la Unix, kuphatikizapo Linux, amasunga nthawi powerenga masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970. Pa makina akale nambalayi imasungidwa m'malo a mabiti 32 (biti ndi kamalo kosunga 0 kapena 1), ndipo nambala yaikulu imene ingakwanemo ndi 2,147,483,647. Sekondi imeneyi idzakwana pa 19 Januwale 2038, nthawi ili 03:14:07 pa wotchi ya dziko lonse, kutanthauza 05:14:07 m'mawa ku Malawi ndi ku Zambia. Sekondi yotsatira nambalayo idzatembenuka, ndipo makinawo adzaganiza kuti ndi 13 Disembala 1901. Makompyuta ndi mafoni ambiri a masiku ano amagwiritsa kale ntchito mabiti 64, ndipo Linux inakonzedwa mu 2020 kuti ngakhale makina a mabiti 32 athe kuwoloka, koma pulogalamu iliyonse yoyendera pa Linux iyenera kumangidwanso, ndipo nkhokwe zina za deta zimasungabe nthawi mwa njira yakale.

Foni yanu siidzafika 2038, choncho musaidere nkhawa. Zondidetsa nkhawa ndi zida zimene zimagulidwa kamodzi n'kuiwalidwa kwa zaka 20: zoyendetsa mapampu a madzi, zida za m'zipatala, makina a pa nsanja za mafoni, mageti a pa malire. Maiko athu amalandiranso zida zambiri zogwiritsidwa kale ntchito kapena za mphatso, zimene opanga ake anasiya kuzisamalira, kotero sipadzakhala woti timulembere kalata monga ankachitira mayi a ku banki. Onaninso kuti kukonza kwa changu kumabwezera. Mu 1999 ambiri sanawonjezere manambala a chaka, anangouza makina, mwachitsanzo, kuti 00 mpaka 19 ndi za m'ma 2000, ndipo 20 kupita m'tsogolo ndi za m'ma 1900. Chaka cha 2020 chitafika, ena mwa makina amenewo anabwerera ku 1920. Mu Januwale 2010 makadi a banki mamiliyoni ambiri ku Germany anakana kugwira ntchito chifukwa cholephera kuwerenga chakacho, ndipo pa 1 Januwale 2022 makalata a pa intaneti anaima pa makina a Microsoft Exchange chifukwa tsiku lolembedwa ngati nambala linapyola malire omwe aja a 2,147,483,647.

Mphunzitsi Wopuma:
Ngati ndamva bwino, ulendo uno munthu wamba alibe tokeni yoti alowetse, ndiye kuti kumuopseza sikudzathandiza kanthu. Oyenera kufunsidwa ndi amene amagula zida m'malo mwathu. Kodi mayi a ku banki, pa zimene munaona, funso lotani limene khansala kapena wa m'komiti ya chipatala angafunse popanda kukhala katswiri?

Kalaliki Wakale wa ku Banki:
Angafunse ngati pali mndandanda wolembedwa wa zida zonse zokhala ndi wotchi mkati, ndi dzina la udindo wa munthu amene amausunga. Kwa ife ntchito yolemba mndandandawo inatenga nthawi yaitali kuposa kukonza kwenikweniko, chifukwa tinkapeza makina amene palibe ankadziwa kuti anagulidwa liti ndipo amachita chiyani. Angafunsenso kuti pa chikalata chogulira chida chatsopano pazilembedwa kuti wogulitsa wayesa tsiku la 20 Januwale 2038 ndipo wasainira. Ndipo asadikire 2037, chifukwa ngongole ya nyumba ya zaka 15 yotengedwa mu 2023 ikuthera mu 2038, kotero pulogalamu yowerengera ngongole imeneyo yayamba kale kukumana ndi tsikulo.

Wamalonda wa ku Limbe:
Mfundo ya chikalata chogulira ndaitenga, chifukwa siifuna ndalama zowonjezera. Achimwene okonza mapulogalamu, ndili ndi makina osindikiza malisiti m'sitolo amene ndinagula ogwiritsidwa kale ntchito. Kodi ndingasunthe wotchi yake ndekha kuti ndione, kapena ndikhoza kuwononga zolembedwamo?

Wokonza Mapulogalamu:
Musayese pa makina amene mukugwiritsa ntchito, bambo, makamaka ngati ndi olumikizidwa ndi za misonkho, chifukwa ena akalemba tsiku la m'tsogolo salolanso kubwerera m'mbuyo, ndipo ziphaso za mapulogalamu zikhoza kuoneka ngati zatha. Tumizani pano dzina la kampani yopanga ndi nambala ya mtundu wake imene ili pa chomata cha pansi, tione kaye zimene opangawo analemba.